Linga lopanda khoma: ulendo wathu wa ku Nkhotakota

Pepani ndakhala chete nthawi yaitali, mukudziwa kale mmene ntchito yochonga mayeso imatimangira manja. Lero ndati ndikufotokozereni za ulendo umene tinayenda ndi ana a kalabu ya Histole mu July 2024, ulendo umene ndinachita nawo manyazi pang'ono, ndipo mpaka pano sunandichoke m'mutu.

Nkhani inayamba ndi chithunzi. Mu laibulale yathu muli mabuku akale amene anthu akufuna kwabwino anatitumizira kuchokera ku Scotland, ambiri mwa iwo osagwirizana n'komwe ndi silabasi yathu, koma ana amawakonda chifukwa cha zithunzi. M'buku lina muli chithunzi cha Edinburgh Castle, chinyumba cha miyala chokhala ndi malinga, chomangidwa pamwamba pa thanthwe pakati pa mzinda. Kachalichi kakang'ono kamene kali mkati mwake kanamangidwa m'zaka za m'ma 1100 ndipo kalipobe. Tsiku lina mnyamata wina wa Fomu 3, wa mafunso ambiri uja amene kalasi iliyonse imakhala naye mmodzi, anabwera ndi bukulo m'kalasi n'kulitsegula pa desiki yanga. Anati, "Sala, anzathuwa anamanga izi kalekale. Nanga makolo athu ankatani? Ife tinalibe?"

Funsolo linandibaya, ndipo ndinayankha mothamanga monga timachitira aphunzitsi tikafuna kuteteza ulemu wa mtundu. Ndinati, "Tinali nazo. Pa boma la Nkhotakota mpaka lero anthu amati pa Linga. Ukuganiza kuti dzinalo linachokera kuti?" Ana anaombera m'manja, ndipo asanatuluke m'kalasi anali atagwirizana kale kuti tipite tikaone. Choonadi n'chakuti ine pa Nkhotakota ndinkangodutsapo pa basi popita kumpoto. Ndinali ndisanatsikepo n'kuyenda pansi. Ndinaphunzitsa za Jumbe zaka zoposa khumi ndi zisanu kuchokera m'manotsi amene nanenso ndinakopera kwa aphunzitsi anga.

Ana anasonkha ndalama matemu awiri, ena pogulitsa mandasi pa buleki, ndipo mtengo wa galimoto unakwera kawiri tisananyamuke, makamaka kwacha itagwa mu November 2023. Tinanyamuka pa Salima Loweruka m'mawa kusanache bwino, ana 28, ine ndi amadamu anzanga ophunzitsa Jogalafe. Mwera unali utavuta usiku wonse ndipo kunkazizira. Za msewu wa M5 sindinena zambiri, amene munadutsako chaka chimenecho mukudziwa. Tinaima pang'ono pa mlatho wa Chia pamene ogulitsa chambo anazungulira galimoto, amadamu n'kupezerapo mwayi wofotokoza za dambwe limene limalumikizana ndi nyanja, ana osamvetsera chifukwa maso onse anali pa nsomba. Cha m'ma 9 koloko tinali titafika.

Titangotsika, ana anayamba kuyang'ana uku ndi uku kufunafuna phiri. Pa Nkhotakota palibe phiri. Ndi malo athyathyathya, a mchenga, mitengo ya mango ndi migwalangwa, nyumba zothithikana, timisewu tokhotakhota totsikira ku nyanja. Tinayenda kuchokera kumsika kutsetsereka kugombe, kudutsa akabaza, amayi oyanika mpunga pa mphasa ndi anyamata osoka maukonde. Khoma lililonse limene tinaona linali la nyumba ya munthu kapena la sitolo. Mnyamata uja anandiyandikira n'kufunsa chapansipansi kuti anzake asamve, ndipo ndimamuthokoza pa ulemu umenewo. Anati, "Sala, linga lija lili pati?"

Ndinalibe yankho. Amene anandipulumutsa ndi bambo wina wachikulire amene tinamupeza atakhala pa khonde pafupi ndi mzikiti wakale. Titapereka moni n'kufotokoza chimene tabwerera, anaseka pang'ono, natenga ndodo yake. Anati, "Aphunzitsi, mwabwera kudzaona mpanda? Mpanda wa mitengo ndi dothi sudikira zidzukulu. Chiswe chinadya, mvula inakokolola, anthu anamangapo nyumba. Koma eni ake a mpandawo alipo, agona apa. Tiyeni." Anapempha atsikana kuti amange zitenje ndi kuti tonse tichepetse phokoso, n'kutitsogolera ku manda a ma Jumbe.

Pano ndiime kaye ndifotokoze za anthu amenewa, chifukwa ndaona kuti ambiri a ife timaphunzitsa ngati Jumbe anali munthu mmodzi. Jumbe linali dzina la udindo, liwu la Chiswahili lotanthauza mfumu kapena mkulu wa mudzi, ndipo analipo anayi. Woyamba anali Salim bin Abdallah, amene anafika kuno m'zaka za m'ma 1840 kuchokera kugombe la nyanja ya mchere. Sanabwere ndi gulu la nkhondo. Anabwera ngati wamalonda, ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, napempha malo kwa mafumu a Achewa a m'derali, makamaka Malengachanzi, ndipo anapatsidwa monga mmene mlendo amapatsidwira. Chimene chinamukoka ndi gombe lenilenilo. Pali kamchenga kotalika kolowa m'nyanja kamene kamatchinga mafunde, kotero zombo za matanga zinkatha kukocheza bwino ngakhale nthawi ya mwera. Kumtunda kunali njovu zambiri ndi njira yopita kwa Mwase ku Kasungu, kupitirira mpaka ku Luangwa ndi kwa Kazembe. Kutsidya kunali Losefa, m'dziko limene lero ndi Mozambique, ndipo kuchokera pamenepo njira ya pansi inkapita ku Kilwa, ulendo wa miyezi itatu kapena kuposerapo.

Chifukwa chake malondawa anakula nthawi imeneyo osati kale chili kutali ndi kuno. Mfumu ya ku Oman, Seyyid Said, inasamutsira likulu lake ku Zanzibar cha m'ma 1840, ndipo minda ya zonunkhiritsa za kalafuu pa zilumba za Zanzibar ndi Pemba inkafuna antchito ochuluka. Ku Ulaya, ku America ndi ku India anthu ankalimbirana minyanga ya njovu yopangira zipeso, zigwiriro za mipeni, makoza ndi makiyi a piyano. Ndimakonda kuuza ana kuti mtsikana woimba piyano ku London ndi mnyamata womangidwa goli pa Nkhotakota anali pa chingwe chimodzi, ngakhale sankadziwana.

Atamwalira Salim bin Abdallah analowa Mwinyi Mguzo, kenako Tawakali Sudi amene ena amamutchula Mwinyi Kisutu, Jumbe wachitatu, ndipo womaliza anali Mwinyi Kheiri. Ma Jumbe ankadzitcha oimira Sultani wa ku Zanzibar ndipo ankakweza mbendera yake. M'nthawi yawo Chisilamu chinazika mizu m'derali, kulemba m'zilembo za Chiarabu kunayamba, ndipo ulimi wa mpunga unakula kwambiri chifukwa ankafuna chakudya cha anthu a m'tauni ndi cha apaulendo. Mpunga umene tinauona pa mphasa uja uli ndi mbiri imeneyo kumbuyo kwake, ndipo sindinaone aliyense wa ife akuukana pa nkhomaliro.

Pamandapo ana anakhala chete okha popanda kuwauza. Si manda aakulu ngati a mafumu a m'mabuku. Ndi manda omangidwa ndi njerwa, ena osweka m'mbali, mbuzi zikudya chapafupi. Bambo aja anatilozera amene akuti ndi a ma Jumbe atatu oyamba ndi ena a nduna zawo. Wachinayi sanaikidwe kuno, nkhani yake ibwera.

Chimene chinandisintha maganizo ndi zimene ndinawerenga usiku woti mawa tinyamuka, pokonzekera mochedwa monga mwa chizolowezi changa. David Livingstone anafika pa gombe limeneli kawiri, mu 1861 pa bwato, ndi mu September 1863 wapansi. M'buku la ulendo wake wa ku Zambezi akufotokoza kuti ulendo wachiwiriwo anapeza mkulu wa pamalopo, amene iye anamulemba kuti Juma ben Saidi, akukhoma chombo chatsopano cholowa m'malo mwa china chimene chinasweka, ndipo anaona anyamata omangidwa magoli akudikira kuoloka. Zimenezi tonse timaphunzitsa. Zimene sitiphunzitsa n'zakuti iye anadabwa ndi mmene mudziwo unakulira m'zaka ziwiri zokha. Mu 1861 amalondawo anali ndi anthu ochepa, koma mu 1863 iwo eni ankati ali ndi anthu 1500, ndipo Livingstone anaona kuti khwimbi lina la anthu linali litathawira kwa iwo kudzabisala. Ankathawa Angoni, amene iye ankawatchula Mazitu, omwe anaoloka Zambezi mu November 1835 ndipo pofika nthawiyi ankathira nkhondo midzi ya m'mbali mwa nyanja.

Taganizani bwino pamenepa, aphunzitsi anzanga. Anthu ankathawira kwa wogulitsa anthu kuti apulumuke. Sanali opusa. Jumbe anali ndi mfuti ndi onga, mfumu yawo inali ndi mikondo ndi mauta. M'kati mwa linga munali chakudya ndi tulo, kunja kunali moto. Mtengo wake unali kulima minda ya mwini linga, kumumenyera nkhondo, ndi kutseka maso pamene anthu a midzi ina akudutsa ndi magoli kupita ku chombo. Ena mwa othawawo, kapena ana awo, anadzakhala okagwira anzawo kumtunda. Ndinauza ana pamandapo kuti chinyumba cha m'buku chija ntchito yake inali yomweyi. Ku Ulaya wa zaka za m'ma 1000 mpaka 1400, mlimi ankalima munda wa bwana wa linga ndi kumupatsa gawo la zokolola kuti nkhondo ikabwera akabisale kuseri kwa khoma lake, ndipo bwana yemweyo ndi amene ankatentha midzi ya bwana mnzake. Ndiponso malinga ambiri amene Anormani anamanga ku England atagonjetsa dzikolo mu 1066 anali a dothi ndi mitengo, chulu chachikulu ndi mpanda pamwamba pake. Ambiri a iwo lero ndi zitunda za udzu basi. Amene timawaona pa zithunzi ndi aja anadzamangidwanso ndi miyala.

Mnyamata wa mafunso uja sanakhutire. Anati, "Ndiye kuti khoma lenileni kunalibe, Sala?" Bambo aja ndi amene anayankha, akuloza ndi ndodo kumtunda: "Funsani za Chiwaula." Apa ndinapezako mphamvu chifukwa nkhaniyi ndinkaidziwa. Chiwaula anali Myao, mmodzi wa nduna za Jumbe wachitatu, amene anadzagalukira mbuye wake n'kumanga mudzi wake makilomita ochepa kuchokera kunyanja, wozunguliridwa ndi khoma la dothi lalitali kuposa munthu. Nthawi imeneyo Jumbe anali atapangana kale ndi Angerezi. Mu 1889 Harry Johnston anafika pa Kota Kota, monga ankalembera azungu, nachita naye pangano loti alandire chitetezo cha Britain ndi ndalama chaka ndi chaka, iye asiye malonda a akapolo. Jumbe anali wokalamba ndi wochenjera, anaona kumene mphepo ikulowera. Koma nduna zake zina sizinafune kutaya phindu, ndipo Chiwaula anafika pomuopseza mbuye wake pakhomo penipeni. Mu 1893 Johnston anabwera ndi asilikali a Chisikh ochokera ku India, anaswa khomalo, Chiwaula anaphedwa, ndipo mkati anapezamo akapolo mazana.

Choncho linga lolimba koposa la m'dera lino linamangidwa ndi munthu wakuda, pofuna kusunga anthu akuda anzake, ndipo linagwetsedwa ndi Amwenye olamulidwa ndi Mngerezi pothandiza Mswahili. Yesani kuika chiganizo chimenecho m'manotsi aja a "Aluya anabwera, anagwira makolo athu, azungu anadzatipulumutsa" muone ngati chikwanamo.

Zotsatira zake zinayenda msanga. Jumbe wachitatu anamwalira mu 1894. Mwinyi Kheiri sanakhalitse pa mpando, Angerezi anamuimba mlandu, namuchotsa n'kumutumiza ku Zanzibar, ndipo ufumu wa ma Jumbe unathera pomwepo. Mu December 1895 Mlozi anapachikidwa ku Karonga, ndipo mwezi womwewo gulu la nkhondo lochokera pa Kota Kota, m'mene munali Alfred Swann, linakathira nkhondo Mwase Kasungu. Amene anatseka njira ya akapolo ndi omwewo anatsegula kaundula wa msonkho wa nyumba. Zonse ziwiri ndi zoona ndipo ana ayenera kumva zonse.

Pali nambala imodzi imene ndikufuna tichenjere nayo. Timakonda kulembetsa ana kuti anthu 20,000 ankaoloka pa Nkhotakota chaka chilichonse. Nambala yofanana nayo imene Livingstone analemba ndi 19,000, ndipo anaimva kwa Rigby, kazembe wa Britain ku Zanzibar, yonena za akapolo ochokera m'chigawo chonse cha nyanja ino amene ankalembedwa pa kasitomu ya ku Zanzibar pa chaka. Chigawo chonse, osati doko limodzi. Panali madooko ena, kwa Makanjira, kwa Mponda, ndi njira zina zozungulira kumwera kwa nyanja. Ndinafunsa ana kuti awerengere okha: chombo chimodzi chonyamula anthu makumi angapo, nyanja ya mwera imene inkaletsa kuoloka masiku ambiri, maulendo angati pa chaka? Sindikuchepetsa tsokalo. Pa munthu aliyense wofika ku Kilwa panali ena ofera m'mudzi pogwidwa ndi ena ofera m'njira, amene palibe kasitomu inawalemba. Koma mwana amene taphunzitsa kuloweza nambala popanda kufunsa kumene yachokera sitinamuphunzitse Histole.

Kuchoka kumandako tinapita ku mishoni ya Anglican kukaona mkuyu umene anthu amati Livingstone anakhala pansi pake pokambirana ndi Jumbe ndi mafumu a Achewa. Ndi chimtengo chachikulu, ana khumi anagwirana manja osachizungulira bwino. Ngati panali lonjezo losiya malondawo pa tsikulo, silinasungidwe, chifukwa anapitirira zaka zina makumi atatu, ngakhale msika wa akapolo wa ku Zanzibar utatsekedwa mu 1873. Amishoni a UMCA anakhazikika pano mu 1894. M'tchalitchi cha All Saints muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja cha kufupi ndi Salima mu September 1895 akubwerera kudzayamba ntchito ya ubishopu, bwato lake litagubuduzika ndi mphepo. Ana athu a ku Salima ankalidziwa dzinali ngati la sitima chabe. Pafupi pomwepo pali chipatala cha St Anne's chimene chinayamba mu 1902. M'tauni momwemo mulinso mkuyu wina wokumbutsa msonkhano wa Malawi Congress Party wa mu 1960, pamene Dr Banda anaonetsa ku gulu Chipembere ndi a Chisiza atangotulutsidwa m'ndende, ndipo iye anapatsidwa utsogoleri wa chipani wa moyo wake wonse. Tauni imeneyi mbiri yake inasungidwa ndi mitengo, ndipo ndinaona kuti mtengo wa mkuyu wapirira kuposa khoma la Chiwaula.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa zonsezi. Tili pansi pa mkuyu paja, mnyamata wina, osati wa mafunso uja, anatembenukira mtsikana wa Chisilamu wa m'kalasi mwake n'kunena moseka kuti, "Ndiye ndinu amene munkatigulitsa eti?" Ena anaseka. Mtsikanayo sanaseke. Anayankha mawu amodzi okha, "Ine ndinagulitsa ndani?" kenako anapita kukaima payekha kuseri kwa galimoto. Amadamu anamutsatira. Ine ndinaima ngati chitsa, chifukwa ndinadziwa kuti nthabwala imeneyo mnyamatayo anaitenga m'manotsi anga. Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba pa bolodi mitu iwiri, ogulitsa mbali ino, ogulitsidwa mbali iyo, ndi maina a mitundu pansi pake, chifukwa ndi mmene zimavutira pang'ono kuloweza pa mayeso. Sindinaganizepo kuti m'kalasi mwanga mwana wina amakhala pansi pa mutu woyambawo chaka ndi chaka, ali chete.

Bambo aja anali adakali nafe, ndipo anamva. Sanakalipe. Anaitana mnyamatayo n'kumufunsa, "Mwanawe, kwanu n'kuti?" Iye anatchula mudzi wa kumtunda. "Agogo ako a agogo ako unawaona? Ukudziwa amene anali ndi mfuti ndi amene anali ndi goli?" Mnyamatayo anapukusa mutu. Bambowo anati, "Ine ndine Msilamu, bambo anga Msilamu. Koma agogo aakazi amene anabereka bambo anga anabwera pano ali kamtsikana, atagwidwa kumtunda konko kwanuko. Sanaoloke chifukwa nduna ina inawasunga pakhomo. Dzina la mudzi wawo anafa nalo. Ndiye undiuze, ine ndine wogulitsa kapena wogulitsidwa?" Palibe anayankha. Anatsanzika bwinobwino, tinamupatsa kangachepe ka sopo, nabwerera ku khonde lake.

Ndinasonkhanitsa ana onse, mtsikana uja atabwerako, ndipo ndinawauza chinthu chimene sindinauzepo kalasi iliyonse. Kwathu, agogo anga aakazi akakwiya ndi banja lina la m'mudzi mwathu ankanena chapansipansi kuti, "Asatiiwale, aja ndi obwera ndi chingwe." Ndili mwana ndinkaganiza kuti akunena za mbuzi. Ndinadzamva nditakula kuti makolo a banjalo anali akapolo a makolo athu, Achewa okhaokha, ena operekedwa pa mlandu, ena ogulidwa ndi chimanga nthawi ya njala. Ukapolo wa pakhomo unalipo Jumbe asanabwere. Chimene iye ndi anzake anabweretsa ndi msika wopanda malire ndi mfuti, kotero kuti mfumu imene kale inkasunga munthu wa mlandu pakhomo tsopano inkamusinthanitsa ndi nsalu, ndipo milandu inayamba kuchuluka modabwitsa. Ndinati ngati tikufuna kuloza chala m'kalasi muno, muyambe ndi ine. Mnyamata uja anapepesa, mwamanyazi ndi mothamanga monga amapepesera anyamata. Mtsikanayo anangogwedeza mutu. Sindikunama kuti zinathera pomwepo, pobwerera anakhala mipando yotalikirana.

Nkhomaliro tinadyera kugombe, mpunga ndi usipa. Chaka chimenecho nyanja inadzaza kwambiri ndipo mchenga wambiri unali m'madzi, choncho tinakhala pa bwato lina logadabuzika. Kuchokera pamenepo ukatembenuka umaona mapiri kumadzulo, mbali ya Chipata m'nkhalango ya Nkhotakota ndi kumtunda kwa Ntchisi. Ndinauza mnyamata wa mafunso uja kuti ngati akufunadi linga la paphiri, ayang'ane uko. Anthu amene sanafune kulowa kwa Jumbe kapena kugonjera Angoni ankathawira m'mapiri, ndipo nkhalango ya phiri la Ntchisi imadziwika kuti inabisa Achewa nthawi ya nkhondo za Angoni. Sanamange nsanja. Phirilo ndiye linali khoma, mapanga ndiwo zipinda, miyala yokunkhuniza ndiyo zida. Malo oterewa alipo ambiri m'chigawo chapakati, ndipo sitipitako ndi ana chifukwa palibe chikwangwani.

Kenako tinayang'ana kum'mawa, kumene zombo zinkalowera. Kumapeto kwa njira imeneyo kuli chimene mnyamatayo ankafuna poyamba. Akapolo a m'zaka za m'ma 1800 ankafikira ku Kilwa Kivinje, kumtunda, koma pafupi pake pali chilumba cha Kilwa Kisiwani, kumene Sultani al-Hasan ibn Sulaiman anamanga nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa pamwamba pa phompho loyang'ana nyanja kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300, ya miyala ya m'nyanja, ya zipinda zoposa 100. Ibn Battuta anafika mumzindawo mu 1331. Chuma chake chinkachokera ku golide wa kumwera, ndipo ku Great Zimbabwe, kumene kuli malinga a miyala yosanjikiza popanda matope, ena pamwamba pa phiri penipeni, kunapezeka kandalama ka mkuwa kokhala ndi dzina la Sultani yemweyo. Ifenso sitinali kunja kwa malonda amenewo. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, likulu la a Kalonga, Dr Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda ya galasi, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga yosemedwa, ndipo anazilemba m'buku lake la mu 2020. A Kalonga sanamange ndi miyala. Mphamvu yawo inali m'mitundu ya anthu owapatsa mitulo, m'maukwati ndi m'kachisi wa mvula, zinthu zosajambulika. Mnyamatayo anamvetsera, kenako anati, "Komabe Sala, chikhala chamiyala chikanakhala bwino." Ndinaseka, chifukwa pansi pa mtima nanenso ndinkaganiza chomwecho.

Malo a pa Nkhotakota amenewa anaikidwa mu 2011 pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO, pamodzi ndi malo ena a njira za akapolo ndi za Livingstone m'dziko muno. Amene mukufuna kupita ndi ana, pitani m'mawa, tengani zitenje za atsikana, pemphani chilolezo kwa akuluakulu a pamzikiti ndi a kumishoni musanalowe, ndipo musalonjeze ana khoma ngati mmene ndinachitira ine. Kwa Chiwaula sitinafikeko, dalaivala ankafuna tidutse Chia kusanade.

Lolemba lotsatira sindinapereke mafunso a m'buku. Ndinauza aliyense kuti akafunse wamkulu wa kwawo funso limodzi: nthawi ya nkhondo za Angoni ndi ya akapolo, makolo athu anali kuti ndipo ankatani? Mwa ana 28 aja, khumi ndi mmodzi anabwera ndi kanthu. Wina anabwera ndi dzina la phanga, wina ndi nkhani ya mfuti ya gogodela imene inakhala kudenga kwa agogo ake mpaka inadyeka ndi dzimbiri. Mtsikana uja analemba masamba anayi, abwino koposa onse, ndipo anandipempha kuti ndisawerenge m'kalasi. Mnyamata wa nthabwala uja anabwera ndi pepala la mzere umodzi. Anati atafunsa agogo ake, iwo anasiya kusenda chinangwa, namuyang'ana nthawi yaitali, n'kumufunsa kuti wamutuma ndani.